Malizani ndi Mapu a Phiri la Chamawe

Malizani anafika ku Mzimba mu 2003, atakhala pamwamba pa matumba a feteleza m'lole ya kuntchito, sutikesi ili pamiyendo. Kwawo kunali ku Ntchisi. Anali atangomaliza kumene maphunziro a zaulimi, ndipo m'thumba la shati munali kalata yomulemba ntchito ya ulangizi wosamalira nthaka. Chitumbuka sankachimva ngakhale pang'ono. Anamutsitsa pa Manyamula, n'kumupatsa njinga yakapalasa, chingwe choyezera malo ndi kiyi wa nyumba yodontha.

M'lole yomweyo munali Nelia Shaba, amene anaphunzira naye kalasi imodzi kwa zaka zitatu. Iye kwawo kunali ku Embangweni, ndipo anamutumiza kukagwira ntchito komweko. Ndi Neliayo amene anaphunzitsa Malizani kunena "monire" ndi "yewo" ulendo uli mkati, uku akumuseka katchulidwe. Ku koleji, pa nkhani yoyeza malo otsetsereka, katswiri anali Malizani. Mayeso akayandikira, anzake, ndi Nelia yemwe, ankabwera kudzafunsa kwa iye.

Ntchito yake inali ya miyendo. Ankazungulira m'midzi kuphunzitsa anthu kuunda akalozera, kubzala udzu wa vetiva ndi kutseka zigwembe. Chaka chake choyamba, mvula itagwa masiku atatu osalekeza, munda wa mayi wina unatsetsereka wonse, chimanga chili chiimire, n'kukatsamira m'khwawa. Bwana wake anamufunsa kuti mng'alu unayamba liti, mvula inagwa yochuluka bwanji, dothi pamalopo n'lakuya motani. Malizani analibe yankho ngakhale limodzi. Anachita manyazi kwambiri, ndipo tsiku lamsika anagula kope lachikuto cholimba. Kuyambira pamenepo, paliponse pamene nthaka yang'aluka kapena kugumuka, iye ankapitapo, n'kulemba tsiku, kupendekeka kwa malo, mtundu wa dothi, mvula ya sabata imeneyo ndi dzina la mwini munda. Palibe anamutuma. Anzake ankati akudzivuta chabe.

Mu 2009 kunabwera kalata yoti m'boma lonse la Mzimba asankhemo mlangizi mmodzi wopita kunja kukaphunzira kujambula mapu pa kompyuta. Inafika mu February. Malizani anali kutsidya kwa mtsinje wosefukira, kumudzi kopanda netiweki, ndipo anakhalako masiku asanu ndi anayi. Pobwerako anapeza tsiku lotsekera litadutsa, Nelia atatumiza kale mafomu ake. Mu foni yake munali mauthenga osonyeza kuti Nelia anamuimbira kasanu ndi kamodzi. Anawaona ndithu mauthengawo, koma mtima wake sunawawerenge.

Pa phwando lotsanzikana analankhula bwino, n'kumufunira ulendo wabwino. Anabwerera ku Manyamula pa njinga, njira yonse mano ali gwa.

Zaka zinapita. Malizani anakwatira Rhoda, mphunzitsi wa pulaimale wochokera ku Dedza, ndipo anabereka ana atatu, woyamba Doris. Mu 2015 anamusamutsira ku boma, n'kumupatsa njinga yamoto ndi dera lonse lakummwera. Chitumbuka anachiphunzira mpaka kumachita nacho nthabwala pamaliro. Makope aja anafika khumi ndi limodzi. Nelia nayenso sanaime: digiri yoyamba, yachiwiri, kenako anthu anayamba kumutchula kuti Dokotala Shaba. Malizani ankaona zithunzi zake pa foni, atavala jekete lalikulu pakati pa mapiri oyera mbee ndi chipale. Sanayankhepo chithunzi ngakhale chimodzi, koma panalibe chimene chinamuphonya. Akamaliza kuonera ankatsonya, n'kuika foni chafufumimba patebulo. Rhoda ankangomuyang'ana.

Namondwe wa Freddy atakokolola anthu ndi matope a m'mapiri kummwera kwa dziko mu 2023, nkhani ya mapiri inalowa m'kamwa mwa aliyense. Mu August chaka chomwecho, galimoto yoyera ya bungwe lina inaima pabwalo la maofesi ku Mzimba. Munatsika Nelia, tsitsi litayamba imvi pang'ono, chikwama cha laputopu chili paphewa.

"A Malizani! Muli uli, adada?" anakuwa atangomuona, n'kumugwira dzanja ndi manja onse awiri. "Mwanenepa chomene! A Rhoda akukusamalani."

"Tilipo, a Dokotala," anayankha Malizani. "Ife ndi omwe aja, oyenda m'matope."

"Iii, a Dokotala ati? Ine ndi Nelia basi."

Malizani anaona bwana wake, munthu amene kwa zaka zisanu ankamuitana kuti "inu a vetiva", akuthamangira kukalandira chikwama cha Nelia. Chinamubaya.

M'holo anazimitsa magetsi, n'kuonetsa phiri pakhoma. Nelia anafotokoza mwachidule. Pulogalamu ya pa kompyutayo, anatero, anaipanga poyamba anthu a kumayiko ozizira, pofuna kudziwa kumene chipale chingathamangire chikagumuka m'phiri, koma tsopano anaikonza kuti izigwiranso ntchito pa dothi ndi miyala. Imatenga zithunzi za setilaiti, n'kulidula phiri m'timabwalo ting'onoting'ono ngati mawanga a pa nsalu. Kabwalo kalikonse amakauza kupendekeka kwake, kuya kwa dothi lake ndi madzi amene kangasunge. Ukatero umathira mvula m'makinamo, yochuluka monga ufunira, n'kuona pamene nthaka iyambire kuthothoka ndi pamene matopewo akaimire.

Anadina batani. Pakhoma paja, mbali ina ya phiri inayamba kusuntha, n'kutsika ngati phala lotayika, n'kukafalikira m'chigwa. Anthu anati "Haa!" onse pamodzi, kenako anaomba m'manja. Malizani anaomba kawiri n'kusiya. Zimene makinawo anachita pa mphindi imodzi n'zimene iye anathera nazo nsapato zaka makumi awiri. Ndipo chimene chinkamuwawa koposa n'chakuti anazimvetsa zonse. Akanakhala iye kutsogoloko, ankaganiza choncho, akanafotokoza bwino kuposa pamenepo.

Msonkhano utatha, Nelia anamutsatira panja.

"A Malizani, makope anu aja mukadali nawo?"

"Makope ati?"

"Musandinamize, ndinkakuonani mukulemba. Makinawa paokha ndi akhungu. Amafuna tiwaonetse pamene nthaka inagumukapo kale, kuti tione ngati akulosera zoona. Popanda mbiri, mbwenu akungolota. Ndapota, mundibwereke."

M'mawa mwake Malizani anabweretsa makope atatu, a zaka zake zoyambirira ku Manyamula, kumene malo ambiri ndi athyathyathya ndipo zolembamo zinali zigwembe zokhazokha.

"Enawo chiswe chinadya," anatero, maso ali kumbali. "Nyumba ya boma ija mukuidziwa."

Nelia anadandaula kwambiri, n'kumupepesa ngati kuti wataya m'bale. Makope asanu ndi atatu otsalawo anali bwinobwino m'bokosi lachitsulo pamwamba pa wodilopu.

Kwa milungu iwiri Malizani analondolera gulu la Nelia m'mapiri a kummawa kwa Embangweni, kumene dziko limayamba kukwera cha ku Viphya. Njira zonse ankazidziwa iye, koma akafika pamudzi anthu ankamudutsa n'kukaunjikana pa laputopu. Amayi amene iye anawathandiza kutseka zigwembe zaka zambiri ankakumbatira Nelia, n'kumati, "ANyaShaba, mwana wakwithu!" Iye ankatsala panja pa bwalo la anthulo, atanyamula kachipangizo kolembera malo ndi mabotolo a madzi. Akafunsidwa kanthu ankayankha zoona, koma zokhazo zimene wafunsidwa.

Mapu anatuluka mu November. Malo oopsa anawapaka zofiira, okayikitsa zachikasu, abwino zobiriwira. M'holo muja munadzaza, ndipo maso a ambiri anali pa phiri la Chamawe, chifukwa mbali yake yakumpoto, kumene kunali mabanja khumi ndi awiri, inali yofiira psuu. Maso a Malizani anali kwina. Tsinde la phirilo chakumadzulo linali lobiriwira.

Iye ankadziwa kuti n'zabodza. Mu March 2012, ali pa ulendo wa ntchito kumeneko, mkulu wina woweta ng'ombe, amene pano anamwalira, anamutengera m'mwamba mwa mbali imeneyo n'kumuonetsa mng'alu wofika m'chiuno, wotalika mapazi oposa zana. Pansi pake pankatuluka kasupe. Malizani anakumba n'kupeza dothi lakuya kwambiri litakhala pa thanthwe losalala, lopendekera kuchigwa. Kenako tchire ndi mitengo ya bulugamu zinaphimba zonse, moti setilaiti sikanaona kanthu, ndipo mapu akale a nthaka amene Nelia anagwiritsa ntchito ankati dothi la pamenepo n'losaya. Zonsezi zinali m'kope lachisanu ndi chiwiri.

"Alipo amene akuona cholakwika?" anafunsa Nelia. "A Malizani, phiri ili mukulidziwa kuposa tonse pano. Mukuti uli?"

Anthu onse anatembenukira kwa iye.

"Odziwa ndi makinawo," anatero akumwetulira. "Ife oyenda pansi tinganenenso chiyani?"

Anthu anaseka, msonkhano n'kupitirira. Popita kunyumba Malizani ankadziuza kuti sanalakwire munthu. Kumadzulo kwa Chamawe kunalibe nyumba ngakhale imodzi. Linali tchire la munthu wina amene anapita ku Joni kalekale. Tsiku lina lidzagumuka lokha, pamalo obiriwira a Dokotala Shaba, ndipo pamenepo iye adzatulutsa kope lake pamaso pa bwana, n'kuwerenga tsiku ndi mwezi. Ankaliona tsikulo m'maganizo mwake, n'kumakonzeratu ndi mawu oti adzanene. Mlungu umenewo anadya bwino.

Chakumapeto kwa January, mvula ili pakati, anapita ku Chamawe kukaona nazale ya vetiva. Pokhota ndi njinga yamoto kutsinde lakumadzulo, anaponda buleki mwadzidzidzi. Tchire lija linali litalambulidwa. Panali zikhomo ndi zingwe za nyumba zisanu ndi ziwiri, zisakasa zitatu zofolera ndi mapepala apulasitiki, ndi utsi ukufuka. Mwamuna wina anatuluka m'ngalande ya maziko, khasu lili m'manja. Anali Tumbikani, mlimi wa mbali yakumpoto ija, amene Malizani anamudziwa kuyambira ali mnyamata.

"Monire, adada alangizi! Mwatipeza pamudzi wathu watsopano."

"Tumbikani, mwabwera liti kuno?"

"Sabata yachitatu ino. A komiti anabweretsa mapu aja, akuti kumtunda kwathu kuja n'kofiira, tichokeko. Abale a mwini malo ano avomera. Amama a kompyuta aja atipulumutsa chomene."

Mkazi wa Tumbikani anatuluka m'chisakasa, khanda lili kumsana, n'kugwada kupereka moni. Malizani anayankha mawu osamveka. Anasiya njinga pomwepo n'kuyamba kukwera phiri, akuterereka m'matope, minga ikumukola buluku. Mng'alu uja anaupeza. Unali utatseguka mwatsopano, dothi lake lofiira likuoneka, ndipo mwendo wake unalowamo mpaka m'ntchafu. Kasupe uja sankatulukanso madzi oyera, ankatuluka matope. Mitengo ingapo ya bulugamu inali itawerama kuloza kumene kunali zisakasa.

Anatsika chothamanga.

"Tumbikani, pano musagonepo. Phirili lang'aluka m'mwambamu. Uzani anzanu, chokanipo lero lomwe."

Tumbikani anatsamira khasu lake, n'kumuyang'ana mwaulemu ndithu.

"Adada, tichoke tipite kuti? Kumpoto akuti n'kofiira. Kuno mapu akuti n'kwabwino, ndinaona ndi maso anga, n'kobiriwira. Ming'alu m'phiri imakhalamo nthawi zonse."

"Ine ndikukuuzani, ndakhala ndikuyenda m'phiri muno zaka zambiri!"

"Yewo, tikudziwa. Kweni makina aja amaona kuchokera kumwamba. Inu muli nawo mapu anu?"

Munthu amene Malizani yemweyo anamuphunzitsa kuunda mzere ndi chingwe ankamufunsa mapu. Malizani anakwera njinga, osadziwa ngati chimene chinamugwira chinali mantha kapena ukali.

Anafika kunyumba masana, n'kupeza Rhoda ali pakhonde akuchonga makope a ana a sukulu. Anamufotokozera zimene waona, koma za bodza lake sanatchule. Rhoda anaika cholembera pansi.

"Bambo a Doris, bokosi lija ndimalipukuta ine Loweruka lililonse. Chiswe chimene munawauza a Nelia chinalowera pati?"

"Wakuuzani ndani?"

"Iwo omwe. Tinakumana pamsika mu August, akundipepesa. Ndinangoti zikomo, manyazi atandigwira."

"Nanga bwanji simunandifunse?"

"Ndimadikira kuti mutope nazo nokha. Zaka khumi ndi zinayi mukudwala matenda amodzimodzi. Mayi uja akaseka pa chithunzi, kuno ndiwo sizikoma. Ine ndapirira, ana apirira. Koma khanda la eni lija silikudziwapo kanthu za fomu yanu."

Malizani anatembenuka mwaukali. Analowa m'nyumba, n'kukwera pampando, n'kutsitsa bokosi lija. Anakhala nalo pamiyendo kwa nthawi, kenako anaimbira foni Nelia ku Lilongwe.

"A Nelia, makope aja apezeka."



"Chiswe chabweza?" anafunsa Nelia.

"Kumadzulo kwa Chamawe anthu akumanga. Pali mng'alu wa 2012, ndipo watseguka. Mapu anu ndi olakwika pamenepo."

Ngakhale pa nthawi ngati imeneyo, mawu akuti "mapu anu ndi olakwika" anamukomera m'kamwa.

"Jambulani masambawo munditumizire pompano," anatero Nelia. "Mawa m'mawa ndili komweko."

Anafikadi isanakwane naini koloko. Anakhala awiriwiri mu ofesi ya Malizani, iye akuwerenga manambala a m'kope, Nelia akulowetsa mu kompyuta: kuya kwa dothi, kupendekeka kwa thanthwe, malo a kasupe, mvula ya sabata ija ya 2012. Sanayang'anane. Atamaliza, Nelia anathira m'makinamo mvula ya masiku anayi n'kudina batani. Makinawo anatenga mphindi makumi anayi akuwerengera, mvula ikugwa padenga. Kenako mbali yakumadzulo inafiira. Matope a pa kompyuta anatsika, n'kudutsa ndendende pamene panali zikhomo za Tumbikani, n'kukaima mumtsinje.

Nelia anavula magalasi n'kupukuta kumaso.

"Ndinakufunsani m'holo muja, pamaso pa anthu," anatero motsitsa mawu. "Chifukwa chiyani, a Malizani?"

"Malo a maphunziro aja anali anga," anayankha. "A mu 2009."

"Ndinakuimbirani kasanu ndi kamodzi."

"Ndikudziwa."

"Ndinapempha abwana kuti adikire sabata imodzi, anakana. Mumafuna nditani? Ndisiye malowo apite ku boma lina?"

"Ndikudziwa zonsezo."

"Nanga tsono?"

"Ndikungodziwa basi," anatero Malizani. "Kudziwako sikunandithandize."

Nelia anatseka laputopu n'kunena kuti anyamuke.

Ku Chamawe anthu anasonkhana m'tchalitchi chaching'ono cha pafupi ndi msewu. Malizani anakhala pabenchi lakumbuyo, akudikira kuti amuyalutse. Anali atakonzeka, mwinanso ankafuna kuti zitero, kuti apeze chifukwa chenicheni chomudera. Koma Nelia anaimirira n'kulankhula m'Chitumbuka chofatsa. Anati mapu amene anawapatsa anali ndi cholakwika chachikulu, ndipo wolakwitsa ndi iye, chifukwa anawatulutsa asanapeze mbiri yokwanira ya phirilo. Anati a Malizani apeza zolemba zakale zimene zaonetsa ngoziyo. Anapepesa chifukwa cha maziko amene anthu anakumba pachabe, n'kuwaonetsa pa laputopu matope akudutsa pamalo pawo. Za chiswe sanatchule.

Anthu anang'ung'udza pang'ono. Kenako mayi wina wachikulire anaimirira n'kunena kuti sanaonepo munthu wophunzira chotero akubwera yekha m'matope kudzanena kuti ndalakwitsa. Anthu anaomba m'manja, ena n'kululutira. Pofika madzulo a tsiku lotsatira, zisakasa zonse zinali zitasamukira pamalo athyathyathya kuseri kwa tchalitchicho.

Malizani anabwerera ku boma mtima uli wolemera kuposa kale. Mayiyo analakwitsa mapu, n'kutamandidwa. Anapepesa, n'kutamandidwanso kuposa poyamba. Ndipo tsopano anali atamusungira chinsinsi, chinthu chimene Malizani sakanatha kumubwezera. Rhoda anamuuza kuti akayamike Mulungu ndi mayiyo. Iye anayamika Mulungu yekha.

Phiri linagumuka pa 11 March, cha m'ma teni koloko m'mawa, mvula itagwa masiku asanu. Anthu a kutchalitchi kuja anamva mkokomo ngati wa malole ambiri, ndipo atatuluka anaona mitengo ya bulugamu ikutsika chiimire. Matope anakwirira maziko onse asanu ndi awiri, minda iwiri ya chimanga ndi mbuzi zitatu zimene zinali pa msipu. Munthu sanafe ngakhale mmodzi. Atayeza, anapeza kuti matopewo anaima mamita makumi atatu okha kupitirira pamene makina analosera.

A wailesi anabwera. Malizani anamvetsera pulogalamuyo ali mu ofesi, chitseko atatseka. Nelia anamutchula ndithu, kawiri konse, koma mtolankhani pomaliza anangoti luso la makono la Dokotala Shaba lapulumutsa mabanja ku Mzimba. Lipoti la bungwe lija litatuluka, lonyezimira, la masamba makumi asanu ndi limodzi, Malizani analifufuza tsamba ndi tsamba. Anadzipeza kumapeto, pa mndandanda wa othandiza, pakati pa dalaivala ndi wojambula zithunzi. Analemba kuti "Malizane". Nelia anaimba foni kupepesa, nati iye anatumiza dzina lolondola ndipo analiika patsogolo, koma okonza bukulo anasintha. Malizani anati palibe kanthu. Lipotilo analiika pansi pa mwendo wa tebulo limene linkagwedera.

Makope onse khumi ndi limodzi anawajambula n'kuwalowetsa m'makina, ndipo mapu a dera lonse lakummwera anakonzedwanso. Malo ena anayi amene anali obiriwira anasanduka achikasu, amodzi ofiira. Bwana uja anayamba kumuitana ndi dzina lake. Zimenezi zinamusangalatsa kwa masiku angapo, kufikira atamva kuti Nelia amuitana kunja kuti akafotokoze za Chamawe pa msonkhano waukulu.

Mu May, mvula itatha, anadutsanso kwa Tumbikani. Nyumba yatsopano inali itafika pa mawindo. Tumbikani anamulandira ndi manja awiri, n'kumupepesa chifukwa cha mawu aja a mapu. Malizani anamva kukoma mumtima, n'kukhala pansi, n'kudya chinangwa chophika. Ponyamuka, mkazi wa Tumbikani anabwera ndi nkhuku ya msoti yamawangamawanga, miyendo atamanga ndi luzi, n'kugwada.

"Iii, mwavutikiranji?" anatero Malizani, akutambasula manja.

"Ndapota, adada," anatero Tumbikani, "mukawapatse aNyaShaba. Inu ndiye mumaonana nawo. Mukati yachokera kwa mwana uja anali kumsana."

Malizani anaimangirira kumbuyo kwa njinga yamoto. Njira yonse yopita ku boma nkhukuyo inkalira pa bampu iliyonse, iye osacheuka. Kunyumba anaimasula n'kuiponya m'khola.

"Mwagula?" anafunsa Rhoda.

"Andipatsa kwa Tumbikani."

"Akupatsani inu?"

Malizani anayamba kumasula zingwe za nsapato.

"Bambo a Doris, ndafunsa. Akupatsani inu?"

"Ndi ya a Dokotala anuwo," anatero. "Ndiituma bwanji ku Lilongwe? Ikwere basi yokha?"

Inakhala m'kholamo mwezi wathunthu. Rhoda anakana kuipha, anakananso kuti ana adye mazira ake itayamba kuikira, nati za eni sizidyedwa mwakachetechete. Mazirawo anaunjikana m'dengu mpaka khumi ndi awiri. Potsiriza, Lamlungu lina atabwera kutchalitchi, Rhoda anaimba yekha nambala ya Nelia n'kumupatsira mwamuna wake foni ili kulira.

Malizani anafotokoza za nkhukuyo mwachidule, ngati akupereka lipoti. Nelia anaseka mpaka kutsokomola.

"A Malizani, ine ndikhala pa fulati yam'mwamba, ndiiweta pati? Ikhale yanu. Ndipo ndi yanu kale, inu ndi amene munakwera phiri lija. Mukawathokoze chomene a Tumbikani."

"Zikomo," anatero Malizani.

Anabweza foni kwa Rhoda n'kutuluka panja. Nkhuku ija inali ikupalasa pafupi ndi mpanda. Anaima n'kumaiyang'ana, manja ali m'thumba.

"Ndiye mwamva, ndi yanu," anatero Rhoda ali pakhomo. "Tiikhalitse mazirawo?"

"Mwamva mmene anaperekera?" anatero Malizani osatembenuka. "Osaganizako n'komwe. Ngati akupereka machesi."

Rhoda anapukusa mutu n'kukatenga dengu la mazira lija.